Ndinayeza Apongozi Tiyi Asanazizire

Aphungu,

Musandiseke kwambiri, chifukwa anzanga a kuntchito andiseka kale mokwanira.

Ndimagwira ntchito ya kafukufuku pa matenda ena a ubongo otengera kumtundu. Matendawa amabisala mwa munthu mpaka atakula, mwina atakwatira n'kubereka. Ndiye amayamba pang'onopang'ono: zala kugwedezeka zokha, kuyenda modzandira ngati waledzera pamene sanalawe ngakhale dontho, kenako lilime kulemera ndi kuiwalaiwala. Kholo likakhala nawo, mwana aliyense akhoza kutengera kapena kuphonyedwa. Mankhwala ochiza sanapezeke, ndipo ndi amene tikusaka.

Anthu akamva kuti ndine wasayansi amaganiza za makina onyezimira. Zoona zake n'zakuti ndimaweta ntchentche. Si zija za kudzala, koma tating'onoting'ono tija timazungulira nthochi ikapsetsa. Tili nato m'timabotolo todzaza mashelefu, m'chipinda chonunkha yisiti, ndipo tina tinatiikamo mbewu ya matendawa. Ukagogoda botolo patebulo, tonse timagwera pansi. Tabwinobwino timathamangira kumtunda, todwala timakwera pang'ono n'kugwanso. Ine ndimatipatsa mankhwala osiyanasiyana n'kumaona ngati tingakwereko bwino. Masiku ena ndimakhala kukiliniki pamodzi ndi madokotala, kuyang'ana anthu ochokera m'mabanja amene muli matendawa: mmene akuyendera, mmene akugwirira cholembera. Ndachita zimenezi zaka zoposa khumi ndipo ntchitoyi ndimaikonda ndi mtima wonse. Chaka chatha gulu lina la tintchentche tanga litakwera mpaka pachivindikiro, ndinavina ndekha pakati pa mashelefu, chijasi choyera chili m'thupi.

Vuto ndi maso angawa, Aphungu. Ine ndikaweruka, iwo saweruka. Pamzere wa kubanki ndimaona amene akukoka mwendo. Paukwati wa mnzanga anthu ankasirira diresi, ine ndili kalikiliki kuona mmene mkwati akutembenukira.

Ndili ndi bwenzi, mphunzitsi wa masamu, munthu wofatsa amene anamvetsera nkhani za ntchentche tsiku loyamba koma osathawa. Tikufuna kukwatirana chaka chino. Mwezi wathawu ananditengera kwa makolo ake koyamba. Bambo ake ndi ometa tsitsi. Ali ndi shopu ya mipando iwiri pakona ya msewu wawo, akhala akumeta kuyambira bwenzi langalo lisanabadwe, ndipo amanyadira kuti lumo lawo silinalawepo khutu la munthu.

Anandilandira bwino kwambiri. Mayi anatulutsa makapu a alendo, aja amakhala m'kabati yagalasi chaka chonse, okhala ndi tizogwirira toti chala cha munthu wamkulu sichilowa. Bambo anali atavala taye m'nyumba mwawo momwe. Atanyamula kapu yawo, inayamba kulira pasosala. Maso anga anakakamira padzanja lawolo. Iwo ataona kuti ndikuliyang'ana, kapu inalira kwambiri. Pakamwa panga panatseguka pokha.

Ndinati, "Bambo, dzanjali linayamba liti kutero?"

Iwo anaseka n'kunena kuti, "Lero lomwe, mayi. Mutangolowa pakhomopo."

Munthu wanzeru akanaseka nawo n'kuyamba nkhani ya mvula. Ine ndinafunsa mmene bambo awo ankayendera atakalamba, komanso ngati kwawo kunali wina wodzandira. Kenako ndinawapempha kuti agwire mphuno yawo, agwire chala changa, abwererenso kumphuno. Bwenzi langa linkandiponda kunsi kwa tebulo, ine n'kumangosuntha phazi poganiza kuti ndamupanikiza. Pomaliza ndinawaimiritsa kuti ayende pamzere wa matailosi, chidendene kugunda chala. Poti ndi munthu waulemu anayendadi, ali ndi masokosi ndi taye, kuchokera pasofa mpaka pafiriji. Mayi anangoima, tipoti ili m'manja. Mlamu wanga wamng'ono, mtsikana wa kukoleji, anali atabisa nkhope m'khushoni, mapewa okha akugwedezeka.

Bambo anayenda bwino kuposa ine. Ndinawauza mosangalala kuti, "Muli bwinobwino, bambo, palibe chilichonse."

Mayi anaika tipoti pansi n'kunena kuti, "Tathokoza, adokotala. Nanga mwana wathuyu munamuyeza kale, kapena mwayambira kwa ife?"

Apa m'pamene ndinadzidzimuka. Manyazi amene ndinamva sindingathe kuwafotokoza.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma mlamu uja anakafotokozera mnzake, mnzakeyo anafotokozera mchimwene wake, ndipo mchimwene wakeyo amametetsa kwa apongozi. Pano aliyense wokhala pampando amayamba wafunsa kuti, "Bwana, adokotala akulolani kugwira lumo lero?" Ambiri ndi nthabwala chabe. Koma bambo wina watenga ana ake n'kukawametetsa kutsidya kwa msewu, ndipo ndikumva kuti apongozi, amene anali munthu wa nkhani zosatha, pano akumeta ali chete. Mayi ake a bwenzi langa akuti ndinabwera kudzasankha mtundu ngati wogula nkhuku pamsika, ndipo za ukwati safuna kumva mpaka dzina la mwamuna wawo litayera.

Pali china chimene iwo sakudziwa. Ntchitoyi ndinaiyamba chifukwa cha amalume anga. Anali ndi matendawa, ndipo anthu anawatcha chidakwa mpaka kumanda, chifukwa panalibe amene anazindikira msanga. Ndi chifukwa chake ndikaona dzanja likunjenjemera mtima sundilola kukhala chete. Mayi anga anayezetsa ndipo anapezeka kuti anaphonyedwa, choncho ine ndi ana amene ndidzabereke tilibe chiopsezo chimenechi. Bwenzi langa likudziwa zonsezi, koma ndikuopa kuti makolo ake akamva adzati, "Kani matendawo ali kwanu, n'kumadzawafunafuna kwathu."

Bwenzi langa likuti tingodikira, ziiwalika. Mnzanga wa kuntchito akuti ndilembe chikalata chokhala ndi chidindo, chonena kuti dzanja la apongozi lili bwino, akachipachike mushopu. Ine mwamunayu ndimamukonda, ndipo bambo akewo ndinawakondanso. Nditani?

T. N., wa m'chipinda cha ntchentche

Mayi T. N.,

Mwati ndisaseke kwambiri. Ndayesetsa, koma pa masokosi ndi taye paja ndalephera.

Tiyambe ndi nkhani yabwino. Bambo amene amalola kuyendetsedwa pamzere m'nyumba mwake, ndi mlendo wobwera koyamba, si munthu wovuta kumupepesa. Ndipotu anakuuzani zoona poyamba pomwe. Dzanja linayamba mutalowa chifukwa ankakuopani. Mwana wawo wabweretsa wasayansi, iwo avala taye, apatsidwa kakapu kosagwirika, ndiye mlendoyo akuwayang'anitsitsa osaphethira. Ngakhale ine tiyi ameneyo ndikanadzithira.

Koma munalakwa, ndipo mukudziwa pamene munalakwira. Kukiliniki kwanu simuyeza munthu asanavomere, ndipo mumatseka chitseko. Apa munayeza munthu amene sanapemphe, pamaso pa mkazi wake ndi ana ake. Chinanso, kwa wometa dzanja ndilo limamudyetsa. Taganizani mlendo atalowa m'chipinda chanu, pamaso pa abwana anu, n'kufunsa ngati mumatha kusiyanitsa ntchentche ndi udzudzu.

Zodikirazo ayi. Bwenzi lanulo ndi lofatsa, koma nkhani ya mushopu yometera siiwalika, imangonenepa. Chikalatacho ndiye musayerekeze n'komwe. Palibe munthu angawerenge pakhoma kuti dzanja la wometa silinjenjemera n'kusiya kuliyang'ana.

Yambani ndi mayi anu okuberekani. Nkhani ya amalume ndi ya kuyezetsa kuja ndi yawonso, choncho apempheni musanaitulutse pakhomo. Akalola, pitani kwa apongozi aakazi masana, bwenzi lanu likuperekezeni koma wolankhula mukhale inu. Pepesani mwachidule, osaphunzitsa. Ntchentche zitsale kuntchito tsiku limenelo. Mukatero auzeni za amalume monga mwandiuzira ine, kuti amvetse kuti simunkasankha mtundu wawo, koma munkaona wakwanu amene anthu sanamumvetse.

Mukuopa kuti adzati matenda ali kwanu. Mwina adzaterodi, ndipo sindikulonjezani kuti adzakuomberani m'manja nthawi yomweyo. Koma nkhani yotere siibisika m'banja mpaka kalekale. Ndi bwino aimve kwa inu lero, pamodzi ndi zakuti mayi anu anaphonyedwa, kusiyana n'kuti adzaimve theka lokha kwa azakhali ena tsiku la ukwati. Alekeni afunse mafunso onse, ngakhale opweteka. Akafuna kutsimikiza, apezereni dokotala wina woti awafotokozere, chifukwa pankhaniyi inu ndinu wofuna kukwatiwa, osati mboni.

Zikatheka zimenezo, kwatsala bambo. Dzina lawo linadetsedwa mushopu, ndipo liyenera kukayera mushopu momwemo. Apepeseni kaye panokha, ndipo muwapemphe chilolezo cha zimene ndikuuzenizi, chifukwa mwawadzidzimutsa kale kokwanira. Akavomera, pitani Loweruka shopu itadzaza. Dikirani pabenchi ngati wina aliyense, osafotokoza chilichonse. Nthawi yanu ikakwana khalani pampando, muwapemphe akukonzeni m'mphepete mwa tsitsi ndi kumbuyo kwa khosi, ndi lumo lomwe lija. Anthu a nthabwala aja akaona adokotala enieniwo apereka khosi, nkhani idzatembenuka yokha. Mlamu wanu mumutenge. Mwaona kale kuti nkhani amaiyendetsa msanga, ndiye nayonso iyi aiyendetse.

Ntchito yanu musachite nayo manyazi. Maso amenewo mabanja ambiri akuwadalira, ndipo tsiku lina tintchentche tanuto tikhoza kuthandiza amalume a munthu wina. Ingowaphunzitsani kuti panyumba ya eni amaona koma pakamwa pamakhala potseka. Mukadzaona chinthu chokudetsani nkhawa zenizeni mwa wachibale, mudzamuuze kumbali, kamodzi, n'kumutumiza kwa dokotala amene sadya naye patebulo limodzi.

Chenjezo langa ndi ili. Kutsogolo kwa mpando wometera kumakhala galasi, ndipo maso anuwo ine sindikuwakhulupirira. Mukangoyang'ana dzanja lawo kamodzi, ngakhale mwakabisira, bamboyo adzaona, ndipo nthawi imeneyo adzakhala atagwira lumo osati kapu. Akangokumangani nsalu m'khosi, tsinzinani. Musatsegule mpaka iwo atanena kuti, "Mwana wanga, ndamaliza."

Aphungu