Nsinga ya uta ikundithetsera banja

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba. Ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito ku saluni, ndipo banja langa likugwedezeka chifukwa cha uta. Chonde musaseke.

Mnzanga wa kuntchito ndiye anandikokera ku kagulu ka anthu oponya mivi, kamene kamakumana pa bwalo la kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu. Mauta ake ndi amtengo, osema pamanja. Ndinangopita kukaonerera, koma tsiku limene muvi wanga unalasa chandamale ndinagona ndikumwetulira. Chiberekereni ana, ndinali ndisanakhalepo ndi chinthu changachanga chotere.

Vuto ndi lakuti ndikangosiya nsinga, imandikwapula mkati mwa mkono wamanzere, m'munsi mwa chigongono. Pamatupa, kenako pamada bii. Pasanapole, ndapita kale kukawonjezera pena. Mkulu amene amatiphunzitsa, timangowatchula kuti Asema chifukwa ndiwo amasema mautawo, salola ongoyamba kumene kuvala chikopa chotchinga mkono. Amati, "Nsinga ndiyo mphunzitsi. Ikakumenya mokwanira, mkono udzathawa wokha." Wangawu sukuthawa, Aphungu.

Tsono ku saluni timapinda malaya potsuka anthu tsitsi. Kasitomala wina, mnzawo wa amayi anga, anaona mikwingwirimayo, ndipo nkhani inakafika kwathu tsitsi lake lisanaume. M'mawa mwake amayi analowa m'nyumba mwanga osagogoda, n'kundikokera kukhitchini, n'kundipinda okha malaya. Ndinawafotokozera za uta. Iwo anangoti, "Mwanawe, inenso bambo ako akadali moyo ndinkati ndagunda chitseko."

Amuna anga ndi owotcherera zitsulo, chimunthu chachikulu, manja ngati mafosholo, osakonda zolankhulalankhula. Abale anga sanawazolowerepo. Koma bambo amenewa ngakhale mphemvu amachita kuitulutsa panja ndi tsache. Chikwatiranireni, sanandisamulirepo dzanja. Achimwene anga aakulu atamva, anapita ku shedi komwe amuna anga amawotcherera n'kukawanyoza pamaso pa makasitomala. Madzulo ake amuna anga sanadye. Anangokhala pakhonde, ndipo nditawatsatira anandifunsa motsitsa mawu, "Amake ana, ndiye kuti ine ndimaoneka choncho?" Ndinalira.

Pano abale agwirizana zobwera kumapeto kwa mwezi kudzanditenga ine ndi ana. Ndikamalumbira kuti sandimenya akuti ndi mantha, ndikakhala chete akuti ndavomera. Tulo sindikutiona. Ndaganiza zongosiya utawo mwakachetechete, mkono upole, nkhani ife yokha. Kodi nditero? Nanga ndikulakwitsa pati pokoka, poti anzanga nsinga siwamenya?

E.T., kumtunda kwa siteshoni

Mayi E.T.,

Sindikuseka, ndipo ndiyamba ndi mawu amene sindingawalumphe. Ngati pamkonopo pali mkwingwirima ngakhale umodzi umene si wa nsinga, ikani nyuzipepalayi pansi mupite kwa amayi anu lero. Ngati zili monga mwalemberamu, tiyeni tikonze zinthu.

Nsinga sikudana nanu. Mukuiikira nokha mkono panjira. Imani pakhomo, tambasulani mkono wamanzere, chikhatho chitsamire pa felemu ya chitseko. Dzanja lisasunthe, koma tembenuzani chigongono mpaka nsonga yake iloze kunja, kumanzere, osati pansi. Muona mnofu umene umakwapulidwa uja ukubwerera mkati. Bwerezani tsiku ndi tsiku mpaka mkono uzolowere.

Kagwiridwe nakonso. Ndikukayikira kuti mumaufinya uta ngati mukufinya thawulo la ku saluni. Kufinya kumapotoza mkono. Uta utsamire pa mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu, zala zina zingouzungulira momasuka. Phewa lamanzere likhale pansi, lisamathamangire kukhutu.

Imani cham'mbali, phewa lamanzere litaloza chandamale, mapazi otalikirana ngati mapewa anu. Pokoka, chigongono chakumanja chikwere mulingo wa muvi n'kupita kumbuyo, kuti kuchokera pa nsonga ya muvi kukafika pachigongonocho pakhale mzere umodzi. Mphamvu ichokere kumsana, pakati pa mapewa, osati m'dzanja. Chala cholozera chakumanja chizifika malo amodzimodzi nthawi zonse, pambali pa mlomo. Ngati simungathe kupuma kangapo mutakoka osanjenjemera, utawo ndi wolimba kwa inu, pemphani wofewerapo.

Za Asema, ulemu wawo apatseni, koma apa aphonya. Ululu suphunzitsa kuima bwino, umaphunzitsa kudzidzimuka. Pezani chikopa muzivala. Akakana, auzeni zimene lamulo lawolo lakutengerani kunyumba.

Tsopano nkhani yaikulu. Musadikire kumapeto kwa mwezi. Itanani amayi ndi achimwene kubwaloko sabata ino, mikwingwirima ikadaoneka. Pakani choko pa nsinga, valani malaya akuda a manja aatali, ponyani monga mumaponyera masiku onse, kenako amayi apinde okha malayawo aone ngati mzere wa choko sukugona pamwamba penipeni pa kuda kuja. Achimwene anuwo, popeza pakamwa ali napo, apatseni uta aponyeko kamodzi, anthu onse ataima kumbuyo. Nsinga siona nkhope. Akasisita mkono wawo, muwauze mwaulemu kuti kupepesa kukachitikire ku shedi komwe kuja, pamaso pa anthu, chifukwa ndi kumene anasiya manyazi.

Amayi anu musawakwiyire. Anakuuzani m'khitchini muja chinthu chimene mwina sanauzepo munthu. Mayi wofunsa za mabala a mwana wake si mdani, ndipo nkhani ya chitseko ija mudzaifunse bwinobwino zinthu zikazizira.

Koma chenjezo langa ndi ili: musasiye uta mwakachetechete, ndipo musabise mkonowo mpaka upole. Mikwingwirima ikazimiririka achimwene atangoopseza kumene, abale anu sadzati analakwitsa. Adzati mankhwala agwira ntchito. Amuna anu adzakhala bambo womenya mkazi amene analeka chifukwa choopa alamu ake, ndipo umboni wowayeretsa mudzakhala mutaufufuta nokha. Mkono umapola, mayi, koma dzina limenelo silipola, ndipo ana anu adzakula akulimva.

Aphungu