Nati pa Mkono wa Galamafoni ya Bambo

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina. Nkhani yangayi ena aiseka, koma ine ikundisowetsa mtendere.

Bambo anga ali ndi galamafoni yakale, ija yoyendera magetsi. Imakhala pakabati pabalaza, yovundikira ndi kansalu koluka. Mbale zanyimbo ali nazo zambiri, koma ya pamtima pawo ndi imodzi. Mayi athu ali mtsikana ankaimba kwaya, ndipo kwayayo inajambulitsa mbale kamodzi kokha. Nyimbo yachitatu amatsogolera ndi iwowo. Anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo mawu awo kulibenso kwina komwe tingawamve. Lamlungu lililonse masana bambo amaika mbaleyo, n'kukhala phee pampando wawo mpaka ithe.

Chaka chatha singano inayamba kudumphadumpha. Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, ndi makaniko wa galimoto, ndipo kwa iwo chilichonse chikavuta mankhwala ake ndi nati. Anamangirira nati kumutu kwa mkono wa galamafoniyo ndi kamphira, amvekere, "Yapepukitsa iyi, ikufuna katundu." Kudumpha kunathadi, tonse tinawaombera m'manja. Koma pano mawu a mayi ayamba kusasa ngati munthu wachimfine, ndipo ndikapukuta mbaleyo pansalu pakumatsala kafumbi kakuda.

Wokonza mawailesi akuti kamutu kogwira singano, komwe amakatcha katiriji, kanatha kalekale. Anandionetsa titatu: kotchipa, kapakati, ndi kena komwe nditamva mtengo wake ndinangotsanzika. Ndigule kati, Aphungu? Ndikuopa kuti kotchipa kangamalize mbale ya mayi. Alamunso sindikufuna kuwachititsa manyazi, poti nati yawoyo amainyadira.

Mwana wachisamba, kuseri kwa msika

Mwananga,

Ikani kaye nyuzi pansi, mukachotse nati ija. Kafumbi kakudako si fumbi ayi, ndi mbaleyo ikupalika. Singano yakutha mukaisenzetsa katundu imalima m'mizere ya mbale ngati khasu. Alamu anu anachita ndi mtima wabwino, kungoti galamafoni si lole. Abwezereni nati yawo ndi manja awiri, muwauze kuti yagwira ntchito yake, tsopano ipume. Makaniko weniweni akaona kafumbiko amvetsa yekha.

Za kodula kaja iwalani. Kamafuna makina atsopano ndi mbale zosalala, ndipo pa mbale yotopa ngati yanuyo kangakumvetseni kukandika kulikonse. Inu funani katiriji wamba, wa singano ya nsonga yobulungira. Ameneyo sachita matama, koma amayenda bwino pa mbale zakale, ndipo kawirikawiri sapweteka m'thumba.

Musagule ndi maso okha. Nyamulani galamafoni yonse, mutamangirira mkono wake kuti usagwedezeke panjira, mupite nayo kwa wokonza mawailesiyo. Aone mmene kakaleko kanamangidwira, poti tina timagwidwa ndi masikuluwu awiri pamwamba, tina timangolowetsedwa kumapeto kwa mkono. Akuuzeninso ngati kali ka maginito kapena ayi, ndipo katsopanoko kakhale ka mtundu womwewo, apo ayi mawu adzamveka ngati akuchokera pansi pa bedi. Kenaka mufunseni funso ili: "Singano ikadzatha, ndidzatha kugula yokhayo?" Akati ayi, kasiyeni, ngakhale katchipe chotani. Pa tiwiri totsalato, komwe kayankhe zonsezi ndi kanu. Kakakhala kotchipa kaja, musachite nako manyazi.

Kumanga amange iyeyo, inu muli pomwepo. Kuseri kwa katiriji kuli timawaya tinayi tamitundu, tosachedwa kuduka, ndiye si ntchito ya sipanala. Aikenso kulemera kwa mkono monga lanenera pepala la m'kabokosi, ndipo ayeze ndi kasikelo, osati ndi chala. Poyesera musaikepo mbale ya mayi. Tengani ina yomwe bambo saikumbukanso n'komwe.

Zikatheka, pukutani mbale ya mayi ndi nsalu yofewa motsata mizere, ndipo tsiku loyamba kuiimbitsa muijambule pafoni, m'nyumba muli zii, ana mwawatuma kutali. Mutumizire abale anu onse. Ndikuuzeni zoona, zomwe zinapalika sizibwerera, kusasa kwina kutsalabe. Bambo muwauziretu zimenezi asanakhale pampando.

Chenjezo langa ndi ili. Lamlungu likubwerali bambo adzafuna mbale yawo, katiriji musanagule. Adzati, "Kamodzi kokha, mwanawe." Mtima udzakuwawani, koma mukane. Alekeni akukwiyireni sabata imodzi kapena ziwiri. Mkwiyo wa bambo udzatha. Mawu a mayi anu akafufutika pa mbale ija, palibe sitolo yomwe mudzakawapeze.

Aphungu