Digiri Yanga Pamaso pa Apongozi

Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Katete. Ife kuno ku Matero tadzuka.

Ndikulengeza mwaulemu kuti digiri yanga ya Chingelezi yagwira ntchito koyamba. Loweruka, tikukambirana za ukwati wanga ndi Tisa, foni yanga inalira. Bambo ake anakalipa: "Switch off it!"

Ankhoswe anali atandilamula kukhala chete, maso pansi. Koma ndinati, "Ba tata, 'it' imakhala pakati. Switch it off."

Apongozi anaimirira. "Kansi mwabwera kukwatira olo kupunzisa? Yendani!"

Chonde bwerani msanga mudzandipepesere, poti akuti adzamvera mkulu wa kwathu yekha. Mulungu akusungeni.

Ndikulemba moseka, amalume, koma Tisa sanandiyankhule chichokereni tsiku lija. Ndikuopa kuti ndamutaya.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Yotamu