Kanyumba ka Yakobo

Gulu: MPONDA CITY (Willard, Rahma, Duncan)

Lachinayi

[09:12] Willard: a General Duncan, ndamva kuti dzulo ku barbershop kwa Misheck munalengeza zoti pofika Loweruka mzinda wathu wa mu gemu ukhala utapha anyamata a ku Turkey aja. akuti munachita kuimirira tsitsi atameta mbali imodzi

[09:13] Willard: sindikukaikira ayi. ndikungofunsa kuti asilikali ake ati

[09:20] Duncan: Aphunzitsi, ndagwira ku barracks zaka 22. Nkhondo ndimaidziwa

[09:21] Willard: ku stores. kuwerenga mabulangete

[09:44] Duncan: Vuto ndi malo. Mzindawu wadzaza zinyalala. Ndikugwetsa zosafunika kuti ndimange ma barracks atatu. Mpanda wakummawa wagwa kale

[09:45] Willard: mpanda??

[09:45] Duncan: Msilikali weniweni sabisala kuseri kwa khoma

[10:02] Rahma: ndangotsegula gemu. bwanji kanyumba ka asodzi ka achimwene anga kali ndi wotchi yofiira pamwamba

[10:03] Rahma: a Duncan

[10:09] Duncan: Ndi ka level 1 mayi. Nsomba zisanu basi pa tsiku. Ndadina demolish, mawa 9:40 kakhala katagwa

[10:10] Rahma: mzindawu anayambitsa ndi achimwene angawo, malemu Yakobo. kanyumbako nkoyamba kumanga, ukakadina kamalemba built by Yakobo. kakagwa dzinalo lapita. munthu sanathe masiku 40 mmanda, sadaka yake ndi Loweruka lomweli

[10:11] Rahma: kwathu za malemu sitikhudza sadaka isanachitike. ndipo okhudza ndi abale

[10:14] Willard: chemwali akunena zoona. bwanji osagwetsa chipilala chanu chija? chikudya malo anayi koma sichitulutsa ngakhale usipa umodzi

[10:15] Duncan: Chipilala cha General chimapereka morale

[10:16] Rahma: ndayesa cancel ikukana, akuti adine amene anadina demolish. dinani pls

[10:18] Duncan: Wartime decision. No comment

[10:18] Rahma: wallahi ndikupezani

[13:41] Willard: a General, a ku Turkey aja alowa

[13:41] Willard: pomwe panali mpanda paja. akavalo 6,000

[13:47] Willard: msika wayaka. nkhokwe zayaka. asilikali athu awasadza ngati mapesi, chipatala chadzaza, ena akufera pageti

[13:48] Willard: chipilala chanu chili bwinobwino. morale ilipo

[14:10] Willard: 📞 missed call

[15:30] Rahma: 🎤 voice note 0:48

[15:33] Willard: chemwali ndamvera. mawu oti muwathyola chala chomwe chinadina ndi zinzake zoyandikana, kukhoti amati umboni. fufutani

[15:33] Rahma: sindifufuta

[16:55] Rahma: ndili pakhomo pawo. akazi awo akuti apita ku Chowe kukaona munda. koma njinga yawo ili pano

[17:04] Rahma: inali pano

[17:05] Willard: mwaitani

[17:05] Rahma: demolish

Lachisanu

[06:40] Rahma: maola atatu

[06:41] Rahma: a Duncan ma tick ndi a blue. ndikukuonani

[08:15] Duncan: 🎤 voice note 0:22

[08:17] Willard: a General mwati muli pa safe location ndipo simukambirana ndi zigawenga. koma kumbuyoko kukumveka makina ometera ndi chifuwa cha Misheck

[08:17] Willard: pepani, ndimati ndikulembera inu nokha

[08:18] Rahma: zikomo aphunzitsi

[08:56] Duncan: Aphunzitsi muuzeni Rahma uyu

[08:57] Duncan: Wabwera ndi nkhafi. Waswa galasi la Misheck. Wandipeza nayo pakhutu. Magazi mpaka pa kolala

[08:59] Duncan: Ndadzitsekera mchimbudzi cha kuseri

[09:00] Willard: mesa msilikali weniweni sabisala kuseri kwa khoma

[09:02] Duncan: Bwerani aise zinthu zavuta

[09:03] Willard: ndili ndi Form 2 mpaka 10 koloko. gwirani geti

[09:05] Rahma: chitseko ichi nacho ndi cha level 1

[09:07] Duncan: Akuchimenya. Msomali umodzi wazuka. Akabaza adzaza panja akujambula mmalo moleretsa

[09:08] Duncan: Ndikadina cancel panopa anthu onsewa aziti ndagonja kwa mayi wogulitsa usipa

[09:08] Willard: anayamba kale kunena

[09:19] Rahma: ndasiya kumenya. manja atopa. ndakhala pansi pakhomo panupa

[09:22] Rahma: Yakobo ali mchipatala ankatsegula gemu mmawa uliwonse, kungotolera nsomba zisanu zomwe mukuzinyozazo. tsiku lomaliza foni inamugwa kawiri. anati Rahma uzinditolerera. ndimatolera ndikatha swala ya mmawa

[09:23] Rahma: bwato lake tinagulitsa kulipira chipatala. dzina lake latsala pa kanyumbako basi

[09:30] Rahma: mphindi 10

[09:34] Duncan: Sindimadziwa

[09:36] Willard: wotchi yofiira yachoka. kanyumba kalipo

[09:37] Rahma: tulukani. sizinathe. munalengezera pano, zithere pano

[09:38] Duncan: Nkhafi mupatse Misheck kaye

[09:55] Rahma: 🎥 video 1:14

[10:06] Willard: ndaonera kawiri. ndilembe kuti mbiri isasokonekere. a General Duncan, thonje lili kukhutu, pamaso pa Misheck, akabaza 7 ndi mayi a zitumbuwa, apepesa potchula dzina la Yakobo, kenako adina demolish pa chipilala chawo. Misheck wawagwirira foni poti chala chimaphonya

[10:07] Duncan: Strategic

[10:08] Willard: mbali ina ya tsitsi ija ametetsenso, adakali pompo

[10:12] Rahma: galasi la Misheck ndigula. njinga ayi. mawa sadaka 10 koloko kwa Mponda, mubwere wapansi, mutasenza nkhuni

[10:13] Duncan: Noted

[10:14] Duncan: Mitolo ingati chemwali

[10:15] Rahma: iwiri

[10:41] Rahma: lero mmawa ndinaopa kudina kanyumbako. ndatolera tsopano

[10:41] Rahma: zisanu