Manja Ogwira Kamvuluvulu

Ligowe, Neno
9 Okutobala 1949

Okondedwa achimwene a Benedict,

Muli bwanji ku Halaleko? Nanga alamu ndi ana? Kuno tili moyo, koma njala yafika posauzana.

A Malizani, aja anabwera ndi nyanga kuchokera ku Joni, akumatumiza kamvuluvulu dzuwa likuswa mtengo. Akazungulira nkhokwe ya munthu, chimanga chonse chimakapezeka kwawo. Mayi Clara, amasiye aja, anangotsala ndi zitsononkho.

Anthu akukamba za wina wophimba nkhope ndi mpango, amene amagwira kamvuluvuluyo kumchira n'kumufinya mpaka chimanga kutayikira pansi. Achimwene, musaseke. Ndine. Chindiphonyereni mphezi kudimba kuja, manja angawa amagwira mphepo monga mugwirira nkhuku. Ndalanditsa nkhokwe zisanu ndi imodzi. Ndikachedwa kuchitsime ndimanamizira m'mimba, moti amayi atopa nako kundiviikira mizu.

Bambo athu analalikira m'tchalitchi kuti wotumiza mphepo ndi woigwira, onse ndi a Satana. Ine ndinali pabenchi yakutsogolo, manja nditabisa m'khwapa.

Tsono dzana a Malizani anabwera kudzandifunsira, atasenzetsa matumba awiri a chimanga. Bambo akuti zoti mkuluyo ndi wakuba ndi mabodza a anthu ansanje. Amayi anayang'ana matumba, nayang'ana ine, n'kunena kuti mwana womvera amapulumutsa abale ake. Zoti ndili ndi zaka khumi ndi zisanu palibe anatchulako.

Amayi anandituma kukasambitsa mlendoyo m'manja. Ndikuthira madzi, anandigwira padzanja n'kuona mikwingwirima imene mphepo imandisiyira. Anamwetulira, n'kundinong'oneza kuti manja amenewa akuwadziwa, ndipo akadzanditenga chitengwa adzawapumitsa. Ndinachita mantha, achimwene.

Chimwalirire amalume, mwinimbumba ndinu. Inu mutakana, bambo sangandikwatitse. Chinkhoswe achiika mwezi wamawa, ndiye chonde lembani msanga kuti ayi. Mukachedwa ndidzaulula ndekha pamaso pa bambo kuti wampango uja ndine, andichotse mumpingo akafuna, koma kwa munthu ameneyo sindipita.

Ndikudziwa kuti mukakana matumba aja abwerera, ndipo amayi adzagona ndi njala chifukwa cha ine. Chimenecho ndiye chikundiwawa koposa. Komabe kanani.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Yunike