Mpweya Wochepa M'mawa

Lachisanu, mwezi wa Juni, ku Lilongwe

Amayi, kaya mwaswera bwanji kumeneko? Kuno kwazizira moti zala zikukana kupinda. Ndikulemba ndili m'galimoto ku City Centre, kudikira abwana atuluke mu ofesi.

Choyamba, mpongozi wanu Esinati anachira mu Meyi, miyezi isanu chikuikireni m'manda. Ndi mwana wamkazi, chipumi ndi chanu. Akutsokomolako m'mawa, tikumufunditsa nsalu yanu yobiriwira ija. Kumudzi achimwene akolola koma chimanga chachepa, feteleza anathira mochedwa.

Tsopano chimene chandisowetsa mtendere sabata ino. Paja munapita nditangoyamba kuyendetsa galimoto ya bambo a ku Mpoto aja, ogwira m'boma, ku Area 43. Lolemba m'mawa nditaliza galimoto, kanyali kachikasu kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero, kosonyeza kuti mpweya wachepa m'matayala. Abwana anati, "Ukaonetse." Ndinayenda maulendo awo kaye, masana n'kupita kwa a Yona, omata matayala kufupi ndi msika ku Area 1. Apo n'kuti kanyali katazima kale. A Yona anaika geji yoyezera mpweya n'kunena kuti, "Aise, mpweya wachuluka uwu, ukufuna liphulike?" Anaphwetsako onse anayi. Anathira madzi a sopo kufuna bowo, thovu silinaoneke. Ine n'kuthokoza, n'kumapita.

Lachiwiri m'mawa kanyali kanayakanso, ndipo matayala amachita kuoneka ndi maso kuti akhala pansi. Masana a Yona anati palibe vuto. Lachitatu zomwezo. Abwana anandiimika pageti. Anati, "Dalaivala amene analipo iwe usanabwere ankachotsa matayala anga n'kuikamo akutha. Pofika Lachisanu undiuze zoona, apo ayi usiye makiyi."

Amayi, sindinabepo ngakhale nati imodzi. Koma ntchito ikatha, khanda la mwezi umodzi ndilowera nalo kuti m'chisanu chino? Esinati sindinamuuze, ndimangotuluka panja n'kulowanso, iye n'kumati mwina ndadwala. Munkanena inu kuti wosauka akamanena zoona azigwira umboni m'manja, pakamwa pokha sipamveka. Ine m'manja munalibe kanthu.

Yandithandiza ndi njinga yanga yakapalasa. Dzulo m'mawa pochoka kunyumba ndinatsina tayala, linali lofewa, koma nthawi yopopa ndinalibe. Ndinaisiya padzuwa kwa abwana. Masana nditabwera kudzatenga amayi a panyumbapo ndinalitsinanso, lalimba, popanda wolipopa. Ndinaima pomwepo ngati chitsa. Kani mpweya nawo umanyala ukamva kuzizira, ukatenthedwa umafufuma. A Yona amayeza matayala otentha, ochokera pamsewu, n'kumachotsa mpweya umene m'mawa umasowa. Nditapita kukawauza a Yonawo, anaseka. "Iwe, mpweya suthawa popanda bowo. Sukulu yake unaiphunzira kuti?" Komabe geji anandibwereka.

Lero ndinafika dzuwa lisanatuluke bwino. Ndinawapempha abwana kuti atuluke galimoto isanasunthe. Anatuluka atavala chijasi, nkhope ili gwa. Ndinagwada pasimenti yozizira n'kuyeza limodzilimodzi iwo akuona. Onse anayi anali otsika mofanana. Ndinati, "Bwana, msomali subaya matayala anayi mofanana, ndipo onani, ndi matayala anu omwe aja." Ndinapopa ndi pampu ya mwendo mpaka pa nambala yolembedwa pakhomo la dalaivala. Titafika kuno ndinayezanso pamaso pawo, mpweya wakwera wokha.

Anayang'ana geji nthawi yaitali. Kenako anangoti, "Unditenge folo koloko." Pepani sanatchule. Makiyi ali m'thumba mwangamu, ndikungowagwiragwira. Kaya andikhulupirira, kaya akufuna aone kaye mawa, sindikudziwa. Ndipo Julayi akubwera, wozizira kuposa uyu.

Ndatumiza uthenga kwa Esinati kuti asade nkhawa, madzulo ndimufotokozera zonse. Geji ndigula yanga, ndiziyeza m'mawa uliwonse ndisanalize galimoto, ndipo tayala lotentha sindilolanso munthu aliphwetse. Ndikulonjeza kuti ntchitoyi ndiigwira ndi manja awiri, ndipo kukayamba kufunda tibwera tonse atatu kudzalambula pamanda panu.

Ndimakukondani, Amayi. Abwana aja akutsika masitepe.

Ndine mwana wanu,
Laisoni