Chikhumbo Asamakwerenso Phiri la Bunda

Okondedwa achemwali a Gladness,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lilongweko. Kuno ku Kasungu tilipo, fodya tayamba kuthyola.

Nkhani ndi ya mwana wanga wamkazi Chikhumbo, amene mukumusunga. Ndamva kuti Loweruka lililonse akumaperekeza alendo okakwera phiri la Bunda, iye patsogolo, chikwama cholemera kumsana. Ndinamuimbira foni kuti asiye, koma anangoseka n'kunena kuti, "Amayi, n'kaphiri chabe kameneko."

Achemwali, miyala ya kuphiri imaterera mvula ikagwa, ndipo mtima wanga sukukhazikika. Chonde mulankhuleni, mwina inu akumverani. Koma musanamukalipire, muyambe mwaona mmene zovala zikumuthinira m'chiuno masiku ano. Mukatero mundimvetsa. Bambo ake sindinawauze kanthu.

Ndine mng'ono wanu,
Anesi